Mutu 5: Nyemba Khumi ndi Zinayi

1. Mawu a adokotala

"Mankhwala awa ndi a masiku khumi ndi anayi. Si khumi, si khumi ndi atatu ayi. Wamva, mtsikana?"

"Ndamva," anayankha mdzukulu wanga, maso ali pa nsapato zake.

Sanamve. Ine ndimamudziwa. Ndamulera kuyambira ali ndi miyezi isanu, pamene amayi ake, mwana wanga wamkazi, anamwalira. Tsopano ali Fomu 3. Kusukulu amamutcha Kanjinga chifukwa palibe mtsikana amene amamupeza pa liwiro. Dzinalo linafika mpaka kunyumba, moti inenso ndimamuitana choncho.

Tinapita kuchipatala chifukwa kwa miyezi itatu m'mimba munkamuotcha, pamwamba pa mchombo. Anamuyeza chimbudzi, kenako anatilowetsa kwa adokotala, mayi wa magalasi amene ankalankhula mosafulumira.

"Mwanayu ali ndi chilonda m'chifu," anatero. "Chayamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso. Musadabwe, agogo. Mwawaona anthu amene ali pa mabenchi panjapo? Mwa anthu khumi, mwina asanu ndi awiri ali nako. M'mayiko osauka ngati lathuli kali ponseponse, chifukwa mabanja ambiri timatunga pa mpopi umodzi, chimbudzi n'chimodzi, ana anayi chipinda chimodzi. Kamalowa munthu akali mwana, kudzera m'madzi, m'manja osasamba kapena m'malovu. Ambiri amakalamba nako osadwala. Koma ena kamawadya chifu mpaka chilonda, ndipo chilondacho chikafika pa mtsempha, munthu amataya magazi m'kati."

Anatembenukira kwa Kanjinga n'kukweza zala zitatu.

"Choyamba, pakatha masiku anayi kapena asanu udzamva bwino. Usadzasiye. Ululu umathawa msanga, kachirombo kamatsala. Chachiwiri, usagawireko munthu, ngakhale akhale mnzako wa pamtima. Chachitatu, mapiritsi a ululu amene mumagula m'magolosale aja, usawakhudze. Amakanda chilonda. Ndipo ukadzaona chimbudzi chakuda ngati phula, usadikire mawa. Amenewo ndi magazi."

Kanjinga anapita pa windo kukatenga mankhwala. Ine ndinatsalira pakhomo.

"Adokotala, ndifunseko. Mwanayu ali khanda analibe bere, analibe mano. Ndinkamutafunira chakudya n'kumamupatsa. Kodi ndi ine?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"N'kutheka, n'kuthekanso kuti ayi. Palibe angadziwe. Munamudyetsa, anakula. Inunso mudzabwere tidzakuyezeni. Panopa ntchito yanu ndi imodzi: amalize mankhwala."

2. Makapu awiri

Ine sindinapite kusukulu. Zimene analemba pa timapepala ta mankhwala sindikanaziwerenga. Koma kuwerenga zinthu ndimatha. Ndimachapa zovala za mabanja asanu, ndipo sindinasokonezepo sokosi ya mwini.

Titafika kunyumba ndinatenga makapu awiri n'kuwaika pa shelefu ya pamwamba pa tebulo. M'kapu ya buluu ndinaikamo nyemba khumi ndi zinayi. Kapu yoyera inali yopanda kanthu.

"Tsiku likatha, nyemba imodzi izisamuka," ndinamuuza. "Mapiritsi anayi m'mawa, anayi madzulo. Kapu ya buluu ikadzatha, wachira."

"Ndiye tidzaziphika?"

"Usaseke. Khala pansi."

Anakhala pa bedi, akumasula zingwe za nsapato.

"Agogo ako aamuna anali kalipentala," ndinayamba. "Sunawaone. Zaka zisanu ankagwira pamimba pomwe ukugwira iwepa. Ndikati tiyeni kuchipatala, ankati ndi chilungulira chabe, amuna sadwala m'mimba. Ankasungunula soda m'madzi n'kumwa, basi n'kubwerera ku matabwa awo. Tsiku lina masana akupala chitseko, anangogwada. Anasanza magazi pa utuchi. Anzawo anawanyamulira pa chitseko chomwecho. Pofika kuchipatala, mapazi anali atazizira. Ine ndinali pa mpopi, ndikutsukuluza nsalu za eni. Iwe ndiwe watsala. Ndilibe wina."

"Agogo, nkhani imeneyi mwandiuza kambirimbiri."

"Ndipo ndidzakuuzanso."

"Inu mukanakhala wailesi, bwenzi mukungoulutsa mauthenga a maliro tsiku lonse," anatero akuseka. "Usadutse pansi pa mawaya a magetsi. Usakhale mpando wakutsogolo mu minibasi. Usamwe madzi ozizira utangothamanga. Usayankhe munthu wokuitana kumbuyo. Zonsezi ndikanamvera, bwenzi ndikugona pansi pa bedi mpaka lero."

Sananame. Ndimachenjeza zambiri. Kwa iye, chenjezo la mankhwala linangolowa mu mulu wa enawo.

3. Mabowo

Masiku anayi oyamba ndinkaima pamaso pake mpaka ameze. Ndinkamuuza ayasamule, akweze lilime.

Tsiku lachisanu anabwera kuchokera ku sukulu nkhope ili gwa. Anaponya chikwama pa bedi.

"Agogo, m'mimba mwasiya kupweteka."

"Tithokoze."

"Ndiye ndisiye. Mankhwalawa akundipha. M'kamwa mukuwawa ngati ndanyambita msomali. Mseru tsiku lonse. Lero pothamanga ndachoka pa bwalo kawiri kuthamangira kuchimbudzi, anyamata akuimba m'manja. Aphunzitsi a masewero akuti ndabwerera m'mbuyo. Mpikisano wa sukulu zonse watsala masiku asanu ndi anayi. Awiri oyamba okha ndiwo apite ku mpikisano wa dziko lonse. Ndidzamaliza mankhwalawa ndikathamanga."

"Ayi."

"Agogo!"

"Mpikisano ubweranso chaka cha mawa. Chifu ndi chimodzi."

Kenako analankhula motsitsa mawu.

"Chabwino, ndimwa. Koma musamandiyang'ane m'kamwa ngati mbuzi ya pa msika. Ndakula. Muziona timapepalato, muziwerenga mabowo. Mabowo sanama."

Ndinaganiza kuti akunena zoona. Piritsi likachoka pa kapepala konyezimira kaja, pamatsala bowo. Maso anga ndi ofooka, koma chala chimamva. Ndinavomera.

Kuyambira tsiku limenelo, madzulo aliwonse ndinkayendetsa chala pa timapepala. Mabowo asanu ndi atatu atsopano. Ndikatero ndinkasamutsa nyemba.

Zotsatirazi sindinazione. Anadzandiuza pambuyo pake mnzake wokhala naye desiki imodzi, mwana wa telala wa pa msewu wathu.

Kanjinga ankaboola timapepala n'kukulunga mapiritsiwo m'pepala la kope. Mwana wa telalayo nayenso m'mimba munkamuotcha, koma ankachita manyazi kukapereka chimbudzi kuchipatala.

"Tenga awa," anamuuza Kanjinga pa nthawi yopuma. "Ine andichiritsa masiku anayi okha. Kutaya n'kulakwa."

"Agogo ako akadziwa?"

"Agogo amawerenga mabowo."

Panalinso china. Bondo lake lakumanzere linkapweteka. Othamanga a pa sukulupo ali ndi chizolowezi chawo: sadya m'mawa kuti thupi lipepuke, ndipo asanalowe m'bwalo amameza mapiritsi awiri a ululu, ofiira, a m'magolosale aja. Amagawana ngati maswiti. Kanjinga anayamba ndi awiri. Bondo litapitiriza, ankamwa awiri m'mawa, awiri masana, awiri poweruka, m'mimba mulibe kanthu.

4. Pa mpopi

Nyumba yathu ili pa mzere wa nyumba zisanu ndi imodzi. Mpopi ndi umodzi, chimbudzi n'chimodzi, chothira madzi ndi ndowa. Timasinthana kukolopa.

Tsiku la nyemba ya khumi ndi ziwiri ndinali pa mpopi ndi beseni langa. Mayi a nyumba yachitatu anatuluka m'chimbudzi atanyamula burashi, atatseka mphuno ndi nsalu.

"Anthu inu, ndani akudya makala pa mzere uno?" anakuwa. "Masiku awiri tsopano! Zakuda bii, zomata, madzi sakuchotsa. Fungo lake ngati kwafa galu."

"Funsani amuna anu," anayankha mayi a nyumba yoyamba. "Zimene amamwa kumalo kwawo kuja ndani amazidziwa?"

"Amuna anga ali ku ulendo sabata yonse, mayi inu. Muzifunsa musanalankhule."

Onse anaseka. Ine manja anaima m'thovu.

Kanjinga pobwera anandipeza ndikumudikira pakhomo. Ndinamugwira dzanja n'kulitembenuza. Chikhatho chinali choyera ngati chaviikidwa m'madzi tsiku lonse.

"Chimbudzi chako chikuoneka bwanji?"

"Iii, agogo! Funso lanji limenelo, anthu akumva?"

"Ndiyankhe."

"Chili bwinobwino."

"Adokotala anati chikada ngati phula, ndi magazi. Mayi a nyumba yachitatu aona zakuda. Iwe ukuyera manja. Dzulo unagwira khoma podzuka pa mpando, ndinakuona. Mwana wanga, magazi otayika m'kati salira. Munthu amayenda, amaseka, kenako amangogwa. Tiye kuchipatala panopa, dzuwa likadalipo. Akakatibweza kuti palibe kanthu, udzandiseke chaka chonse, ndidzavomera."

"Pa mzere uno tilipo anthu angati? Makumi awiri ndi asanu. Chilichonse choipa ndi ine?" Analowa m'nyumba, anatenga timapepala pa shelefu n'kundiika m'manja. "Gwirani. Werengani. Munthu akumwa mankhwala angatuluke bwanji magazi?"

Ndinayendetsa chala. Mabowo anali okwanira.

"Mukanditengera kuchipatala lero, akandiletsa kuthamanga mkuja," anatero. "Ndiye ndidzakukhululukirani liti?"

Ndinabweza timapepala pa shelefu. Ndinasamutsa nyemba. Ndinamuphikira phala, anadya masipuni atatu.

5. Bwalo

Mpikisano unali Loweruka, tsiku la nyemba yomaliza. Ndinali ndisanapiteko ku bwalo kukamuonerera chiyambire, chifukwa ndimaopa kuona mwana akuthamanga mpaka kutha mpweya. Tsiku limenelo ndinasiya zochapa n'kumutsatira.

Dzuwa linali litakwera. Ana a sukulu zosiyanasiyana anadzaza mbali zonse, akuimba ndi kumenya zigubu. Ndinaima pa waya, pafupi ndi mzere woyera womalizira. Mwana wa telala anandipeza pomwepo n'kundigwirira ambulera.

"Azungulira kanayi, agogo," anandiuza. "Muona, sampeza."

Ndinamuona Kanjinga patali, atavala malaya obiriwira a sukulu yake. Anaponya kanthu m'kamwa n'kumwera madzi a m'botolo.

"Wameza chiyani?"

"Za bondo," anatero mtsikanayo, kenako anatseka pakamwa.

Wezulo inalira.

Ulendo woyamba anadutsa pamaso panga ali patsogolo. Wachiwiri ali patsogolobe, koma milomo yake inali yotuwa ngati phulusa. Ulendo wachitatu atsikana awiri anamupitirira. Anzake ankakuwa, "Kanjinga, palasa! Palasa!"

Sanafike pa ine kachinayi. Pa ngodya ya kutsidya anayamba kuyenda ngati munthu wofuna chinthu chimene wataya. Anatuluka mu mzere wake, anagwada, anagwira pansi ndi manja onse.

Sindikumbuka kuti ndinadutsa bwanji waya. Ndinangopezeka ndili pakati pa bwalo, nsapato imodzi palibe.

Anali atasanza pa udzu. Zina zinali zakuda ngati matope, zina zofiira. Aphunzitsi a masewero anamugoneka chammbali. Ana anasiya kuimba. Chigubu chimodzi chokha kutali chinkalirabe, mwini wake asanaone.

Sindinalire. Ndinavula mpango wanga n'kumupukuta pakamwa. Ndinapinda mpangowo bwinobwino, mbali yonyowa m'kati, monga ndimapindira zovala za eni.

"Ndani wapambana?" anafunsa Kanjinga.

Aphunzitsi anamunyamula kupita naye ku galimoto.

6. Botolo limodzi

Anatitengera ku chipatala chachikulu pa galimoto ya sukulu. Anamuika pa bedi la matayala, anamubaya diripi mikono yonse iwiri. Ine, aphunzitsi ndi mwana wa telala tinaima m'khonde.

Kunabwera adokotala ena, bambo wamtali wovala zobiriwira. Anawerenga buku lake la kuchipatala.

"Analandira mankhwala a chilonda cha m'mimba masabata awiri apitawo. Anamaliza?"

"Amaliza lero madzulo," ndinayankha. "Sanadumphe tsiku. Ndimawerenga ndekha."

Mwana wa telala anatsegula chikwama chake cha sukulu n'kutulutsa mapepala a kope okulungakulunga. Anawaika pa benchi. Limodzi linamasuka, mapiritsi anagubuduka pa simenti.

"Anamwa masiku anayi okha," anatero. "Enawa ankandipatsa ine. Ndinamwako kawiri, anandiwawa, ndinangowasunga. Ndipo amamwa ofiira aja, asanu ndi limodzi pa tsiku. Anandiuza kuti ndisanene. Pepani, agogo. Pepani."

Ndinawerama n'kutola mapiritsi amene anagwa. Anali asanu ndi awiri. Ndinawabweza m'pepala.

Adokotala sanakalipe. Analankhula ndi mtsikanayo ngati akuwerenga.

"Iwenso Lolemba ubwere tikuyeze. Kachiromboka mwina theka la kalasi yanu lili nako, si chinthu chochititsa manyazi. Chimene chamugwetsa mnzakoyu si kachirombo kokha. Wasiya mankhwala chilonda chisanapole, n'kumathirapo mapiritsi okanda, m'mimba mopanda chakudya."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Agogo, chilonda chafika pa mtsempha. Tamupatsa mankhwala oletsa magazi koma sakusiya. Tiyenera kumuchita opaleshoni. Mulembe dzina lanu apa."

"Sinditha kulemba."

Namwino anabweretsa inki. Anandigwira chala chachikulu n'kuchidinda pa pepala. Chala chomwe chija chowerengera mabowo.

Anatilola kulowa. Kanjinga anali atagona, maso otseka, nkhope yofanana ndi pilo. Pamwamba pake panapachikidwa botolo la magazi, likudontha pang'onopang'ono.

"Vuto ndi ili," anatero adokotala. "Gulu la magazi ake ndi losowa. Tinali ndi botolo limodzi, ndi limene mukulionali. Kuti atuluke bwino ku opaleshoni pakufunika ena awiri. Taimba ku zipatala zina, sanatiyankhebe."

Ndinapinda dzanja la bulauzi.

"Tengani anga."

"Inu zaka zapita, agogo, sitingathe."

Aphunzitsi anapita kukayezetsa. Anabwera akupukusa mutu. Mwana wa telala anati ayezedwe, anamuuza kuti ndi wamng'ono.

"Wachibale wa magazi ndiye amene tingayembekezere kuti mwina angafanane naye," anatero adokotala. "Amayi ake?"

"Anamwalira."

"Abale ake obadwa nawo?"

"Ali yekha."

"Nanga bambo ake?"

Kanjinga anatsegula maso. Mawu ake anali aang'ono, ngati ochokera m'chipinda china.

"Anamwalira ndili khanda. Eti, agogo?"

Ndi zimene ndinamuuza ali ndi zaka zinayi. Ndi zimene ndakhala ndikumuuza chaka chilichonse. Ndinayang'ana botolo la magazi. Linali litafika pakati.

"Ali moyo," ndinawauza adokotala. "Amawotcherera zitsulo kuseri kwa depoti ya mabasi. Pa galimoto ndi mphindi makumi awiri."

Aphunzitsi anatulutsa makiyi m'thumba.

Kanjinga anangondiyang'ana. Anamwino awiri anamasula mabuleki a bedi n'kuyamba kulikankha. Anandiyang'anabe mpaka chitseko cha ku opaleshoni chinatsekeka.

"Tiyeni, agogo," anatero aphunzitsi. "Ine sindiwadziwa. Mukandilozere."